Graphite wa ku Kasiya ndi msika wa galimoto zamagetsi

Graphite ndi mwala wakuda, wofewa, umene umakhala m'kati mwa pensulo. Makampani opanga galimoto zoyendera magetsi akuufuna kwambiri chifukwa m'batire la lithium-ion mumalowa graphite wochuluka kuposa lithium weniweniyo. Mabatire amenewa ndi osiyana ndi amtovu, othira asidi, amene amakaniko a ku Biwi ndi ku Kawale anawazolowera.

Komwe ukupezeka

Ku Kasiya, makilomita pafupifupi 40 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza graphite wosakanikirana ndi rutile, mwala umene amapangira titanium ndi penti yoyera. Mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagula magawo 15 pa 100 a Sovereign, ndipo mu 2024 inawonjezera kufika pafupifupi 20.

Njira yokumbira

M'migodi yambiri graphite amakhala m'thanthwe lolimba lofunika kuphulitsa ndi kupera. Wa ku Kasiya ali m'dothi lofewa, pafupi ndi pamwamba, choncho kumupatula kumafuna mphamvu zochepa. Mu 2024 kampaniyi inakumba dzenje loyesera, kenako inabwezeretsamo dothi ndi kudzalapo mbewu pofuna kuona ngati minda ingalimidwenso.

Zimene ogula amafuna

Opanga mabatire sagula mwala wongokumbidwa. Graphite amayenera kusulidwa kukhala timibulu ting'onoting'ono, kuyeretsedwa kufika pa 99.95 peresenti, ndi kukutidwa. Wogula amayamba wayesa katunduyo kwa nthawi yaitali asanasaine mgwirizano. Amafunsanso za madzi, utsi ndi chipukuta misozi cha anthu osamutsidwa. Mgodi wosasintha njira zake kuti ukwaniritse zimenezi umasowa msika.

Ntchito yoyenga yoposa magawo 90 pa 100 imachitikira ku China. Dzikolo litakhwimitsa malamulo otumizira graphite kunja mu December 2023, makampani a ku Ulaya ndi ku America analimbikira kufunafuna magwero ena.

Phindu kwa Amalawi

Ndalama zambiri zili pa kuyenga, osati pa kukumba. Ntchito zimene achinyamata a ku Chinsapo, Mgona ndi Area 25 angapeze zidzadalira kuchuluka kwa kuyenga kumene kudzachitikire m'dziko muno. Kuti zitero pafunika magetsi osazimazima, amisiri ophunzitsidwa bwino, ndi njanji yodalirika yochokera ku Kanengo kukafika ku doko la Nacala.