Kuchoka ku mphala kufika pa chiwaya

Anzathu amene adapondako ku London akabwera satipumitsa ndi nkhani za Brick Lane. Ati ndi msewu umodzi wokha koma malo odyera angoti ndandanda, ndipo anthu amachoka kutali kudzangodya basi. Chimene ambiri saonjezerapo n'chakuti msewu umenewu adautchukitsa ndi anthu obwera. Nyumba ina pamenepo idamangidwa mu 1743 ngati tchalitchi cha Akhristu othawa mazunzo ku France, mu 1898 idasanduka sunagoge wa Ayuda, ndipo kuyambira 1976 ndi mzikiti wa Asilamu, ambiri a iwo ochokera ku Bangladesh. Aliyense adafika ndi mphika wake. Ine ndikamva zotere maganizo anga amathamangira pa Jenda ndi pa depoti ya Mzimba, pakuti nakonso kumeneku kudyera panjira kudabadwa ndi ulendo.

Tiyambe ndi zakale. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835, ndipo cha m'ma 1855 a M'mbelwa adakhazikika m'dziko la Atumbuka. Chuma chawo chidali ng'ombe, chakudya cha ulemu chidali nyama ndi amasi, mkaka wowawasa uja. Masiku amenewo mwamuna sankadyera m'nyumba. Amayi akaphika, mbale zonse zinkapita ku mphala komwe abambo ndi anyamata ankadyera pamodzi, milandu ikukambidwa, ana akuphunzira mwambo. Wapaulendo akafika ankangosamba m'manja n'kukhala pansi, poti mlendo ndi mame. Kumuuza mlendo kuti alipire nsima? Mudzi wonse ukadachita manyazi.

Zinthu zidatembenuka mofulumira. M'zaka za m'ma 1890 mliri udapululutsa ng'ombe zambiri. Mu 1904 Angoni a ku Mzimba adalowa mu ulamuliro wa Angerezi, ndipo posakhalitsa msonkho udafika pakhomo. Msonkho sufuna mbuzi, umafuna ndalama, ndipo ndalamazo zidali kutali: ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya kopa, ku Joni. Amuna adanyamuka, ena pa selefu, ena polemba Wenela. Mayi ankamangira mwamuna wake kamba wa ufa, nkhuku yootcha ndi chimanga chokazinga. Koma ndi kamba uti angakwane ulendo wa masabata? Kamba akatha, munthu ankapisa m'thumba. Apa ndi pomwe mdzukulu wa ku mphala adaphunzira kuti chakudya chili ndi mtengo.

Ku Joni adapeza nyumba zodyeramo anthu akuda pafupi ndi migodi, momwe munthu ankagula nyama ndi nthuli ya buledi kwa munthu wosamudziwa n'komwe dzina. Ena adatchona. Amene adabwerera adadza ndi njinga, masutikesi, zipewa, komanso chizolowezi chomwa tiyi wamkaka ndi sikono. Tiyirumu, kanyumba kaja ka benchi limodzi ndi ketulo yakuda ndi utsi, ine ndimayiona ngati mwana wa maulendo amenewa. Pomwe basi ya UTM inkaima, pomwepo mayi wa zitumbuwa ndi thobwa, limene kuno amati chindongwa, ankatula dengu lake.

Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankachokera ku migodi. Dr Banda adaletsa kulemba anthu. TEBA idayambiranso pambuyo pake, koma nayo idatsekeka mu 1988 pa mkangano woyeza magazi. Mukadati ulendo wathera pomwepo, koma ayi ndithu. Tsankho litatha ku South Africa mu 1994, anyamata ndi atsikana a ku Mzimba adayamba kupita okha mwaunyinji, ndipo nyumba za malata zimene mumaziona ku Embangweni ndi ku Edingeni, zambiri n'za thukuta la ku Joni.

Chaka chomwecho cha 1994 kuno kwathu kudabwera boma la matipate. Malamulo a malonda adafewa, maminibasi adadzaza misewu, mavenda adatuluka poyera. Mfumu ya nyengo imeneyi idakhala chiwaya: chitsulo chophwatalala chokhala ndi dzenje la mafuta pakati, pansi nkhuni zili lawilawi. Mbatatesi imene timakazingapo nayonso ndi mlendo. Kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, idafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno idakonda malo ozizira a m'mapiri.

Imani pa Jenda madzulo muone. Apa msewu wa M1 ukumana ndi njira ya ku Lundazi m'dziko la Zambia ndi ya ku Embangweni, ndipo galimoto zimaima pa rodibuloko. Tomato, anyezi ndi kabichi zili mulumulu m'mbali mwa msewu. Utsi wa kanyenya uli tolotolo. Mnyamata akutembenuza tchipisi uku akukuwa kuti "Tiyeni bwana, zamoto izi!" Chitumbuka, Chichewa ndi mawu otola ku Joni zikusakanikirana pa mbale imodzi ya tsabola ndi mchere. Dalaivala wa thiraki, mphunzitsi, mayi wa geni ndi mnyamata wopita ku Joni koyamba onse aimirira pa chiwaya chimodzi.

Taonani kusintha kwake. Ku mphala mkazi ankaphika koma sankadyako, pomwe pa chiwaya wophika kawirikawiri ndi mwamuna ndipo mkazi amadya poyera osapempha chilolezo kwa munthu. Ku mphala ankafunsa kuti ndiwe mwana wa yani, pa chiwaya amangofunsa kuti za zingati. Chatayika chilipo, inde, pakuti wopanda ndalama lero amangomeza mate. Koma chiwaya chomwecho chalipira fizi ana ambiri, ndipo chasunga pamudzi anyamata ena amene akadakafera m'njira.

Walira mvula walira matope. Chiwaya chimadya nkhuni, kanyenya amadya makala, ndipo nkhalango ya Perekezi pafupi ndi boma la Mzimba yaona zakuda ndi nkhwangwa. Timajumbo topyapyala tomangira tchipisi boma lidatiletsa mu 2015, koma tidapitirira kuuluka m'misika. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, adatikumbutsa kuti malo odyera opanda madzi ndi chimbudzi ndi msampha. Nanga yankho lathu lakhala lotani? Kawirikawiri ndi chikwapu. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa Operation Dongosolo, koma patapita nthawi adabwerera, poti njala ya wapaulendo siimva lamulo, ndipo ulova nawo suumva.

Brick Lane idali dera la amphawi, lonyozeka. Idasintha eni mzinda atavomereza kuti anthu amenewa sachoka, n'kuyamba kukonza malowo m'malo mowathamangitsa. Ife sitikupempha nyali za London. Khonsolo ya M'mbelwa imatolera ndalama za msika, ndiye pempho langa n'lapafupi: mpopi wa madzi, chimbudzi chaukhondo, denga la malata, dzenje la zinyalala, ndi mbaula zosadya nkhuni zambiri. Makolo athu ankasesa pa mphala m'mawa uliwonse chifukwa ankadziwa kuti mudzi umaonekera pomwe umadyetsera alendo. Jenda ndi khomo la chigawo cha kumpoto, ndipo mlendo amatiweruza ndi mbale yoyamba imene walandira pamenepo.