Mawu a Chingelezi onena za kumasuka: free of, free from ndi rid of

Free of, free from ndi rid of ndiwo mawu amene Chingelezi chinenera nawo kuti munthu kapena dziko lamasuka ku chinthu chimene chinali kulisautsa. Munthu wa ku Chiputo, m'boma la Maravia ku Mozambique, amene anayamwira Chinyanja naphunzira Chipwitikizi kusukulu, koma ali ndi abale kutsidya kwa malire ku Zambia kumene makalata a boma alembedwa m'Chingelezi, apunthwa pano kawirikawiri, pakuti pamene Chipwitikizi chikhutira ndi livre de, Chingelezi chili ndi njira ziwiri, ya of ndi ya from. Ndipo monga akulu anati safunsa anadya phula, kuli bwino kuzisiyanitsa.

Free of atanthauza kuti chinthucho mulibenso. Pa 17 September 2015, pamene nduna Oldemiro Baloi inalengeza ku Maputo kuti ntchito yozula mabomba okwirira pansi yatha, ntchito imene inafika ndi ku Tete pafupi ndi damu la Cahora Bassa, manyuzipepala a Chingelezi analemba kuti Mozambique ndi free of landmines, ndiko kuti m'minda yonse yodziwika, mmene alimi ankaopa kuponda, munalibenso bomba. Free from aloza kuchoka pansi pa mphamvu ya chinthu, kaya mantha, ululu kapena njala. Kunena zoona, eni chinenerocho asinthanitsa awiriwa nthawi zambiri popanda wowadzudzula, ndipo wophunzira asavutike nazo mtima kopitirira.

Koma pali malo ena amene salola kusankha. Ponena za kuwomboledwa m'goli, monga Aisraeli m'dzanja la Farao, kapena dziko la Mozambique pa 25 June 1975, from ndiye woyenera: freed from, released from, liberated from. Wokhululukidwa msonkho ali exempt from. Chinthu chaulere ndicho free of charge nthawi zonse.

Rid ayenda ndi of yekha, ndipo wolemba rid from walakwa ndithu. Be rid of anena za mpumulo wa munthu amene cholemetsa chamchoka, pamene get rid of anena za kuchotsa kwenikweniko, monga anankafumbwe m'nkhokwe. Chifukwa chake mawu amenewa, akanenedwa za mlendo, wantchito kapena mkamwini, amveka achipongwe choopsa, ndipo m'kalata yaulemu sayenera kulowamo.