Kodi kompyuta inayamba liti kusewera chesi?

FUNSO: Akonzi, kuno ku Likhubula timasewera chesi pafoni tikamadikira alendo okwera phiri la Mulanje, koma foniyo imatikwapula tsiku ndi tsiku. Kodi makina anayamba liti kusewera masewerawa? Wowerenga, Likhubula, Mulanje.

YANKHO: Achimwene, zinayamba kale, nthawi imene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda chonse ndipo inkapezeka m'mayunivesite, m'makampani akuluakulu ndi m'malo a kafukufuku a boma okha.

Mu 1948, Alan Turing ndi David Champernowne a ku England analemba malamulo oti makina azitsatira posewera chesi, koma panalibe kompyuta yoti nkuwakwanitsa. Mu 1952 Turing anachita kuwerengetsera yekha papepala ngati iyeyo ndiye makinawo, nagonja kwa mnzake Alick Glennie.

Pulogalamu yoyamba ya chesi kuyenda pa kompyuta yeniyeni inali ya Dietrich Prinz mu 1951, pa Ferranti Mark 1 ku Manchester. Sinkatha kusewera gemu yonse, inkangopeza njira yotsekera mfumu poyenda kawiri. Mu 1956, kompyuta ya MANIAC ku Los Alamos, m'dziko la America, inasewera pabolodi lochepetsedwa la timabokosi 36 m'malo mwa 64, lopanda mabishopu, kuti ntchito iipepukire. Inagonjetsa munthu amene anali atangophunzira kumene masewerawa. Chesi yathunthu inaseweredwa mu 1957 ndi pulogalamu ya Alex Bernstein pa IBM 704, yomwe inkatha mphindi pafupifupi 8 isanayende kamodzi.

Nanga makinawa nzeru ankazitenga kuti? Njira yake anaifotokoza Claude Shannon mu 1950. Makina amayesa mayendedwe ake, amayesanso mmene mdani angabwezere, kenako amawerengera phindu: mfumukazi ndi mapointi 9, rook 5, bishopu ndi hatchi 3, pawn 1. Akatero amasankha njira yowasiyira zambiri, monga katswiri wa bawo amawerengeratu maenje dzanja lisanatole. Vuto linali liwiro, pakuti makina akalewo ankangoona pafupi.

Liwirolo linkakula chaka ndi chaka mpaka mu 1997, pamene Deep Blue ya IBM, yoyesa makhalidwe a bolodi pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi, inagonjetsa katswiri wa dziko lonse Garry Kasparov ku New York. Mapulogalamu amphamvu a pafoni za lero amaiposa Deep Blue, choncho musadzione ngati mbuli. Tsitsani levulo ya pulogalamuyo, ndipo muzikweza pang'onopang'ono mukayamba kupambana.