Dzina la Mfuti ndi Kukula kwa Chipolopolo

Mbiri ya minda ya tiyi ya ku Thyolo, imene idayambira ku Bandanga m'chaka cha 1908, siyingakambidwe bwino popanda kutchula mfuti. Eni minda ankasunga chifefe, ndipo boma la atsamunda linkadalira mfuti ya .303. Anthu ambiri amaganiza kuti nambala yotere imanena kukula kwa chipolopolo. Koma tikayeza, tipeza kuti dzina ndi chipolopolo sizigwirizana.

Tiyambe ndi .303, imene Angerezi adayamba kugwiritsa ntchito cha m'ma 1888. Asilikali a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902, adamenya nayo nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Idalinso mfuti ya boma mu Ogasiti 1953, pamene anthu a ku Thyolo adaukira pokana thangata, kulandidwa malo ndi Chitaganya. Pa zipolowe za chaka chimenecho anthu 11 adaphedwa m'chigawo cha kummwera.

Nambala ya .303 imatanthauza magawo 303 mwa magawo 1,000 a inchi, ndiye kuti mamilimita 7.7. Komatu chipolopolo chake n'chonenepa pafupifupi mamilimita 7.9. Chifukwa chake chili m'kati mwa mpope wa mfuti. Mkatimo mudagobedwa ngati munda wogaula: muli timizere ndi tingalande toyenda mopota, tochititsa chipolopolo kuuluka chikuzungulira kuti chisaphonye. Angerezi adayeza kuchokera pamwamba pa kamzere kamodzi kufika pa kamnzake ka mbali inayo. Chipolopolo chidapangidwa chonenepa pang'ono kuti chidzaze tingalandeto, mpweya wa wonga usapulumukire m'mbali. Motero dzinalo ndi la mpope, osati la chipolopolo.

Dzina la chifefe ndiye n'lozunguza mutu kwambiri. Chifefe cha nambala 12 sichidayezedwe ndi inchi kapena milimita. Amisiri akale ankatenga paundi imodzi ya mtovu n'kuumba timipira 12 tofanana, ndipo kampira kamodzi kankakwana ndendende mumpope wa mamilimita 18.5. N'chifukwa chake chifefe cha nambala 20 chili ndi mpope waung'ono kuposa cha nambala 12: nambala ikamakula, mpope umachepa.

Mfuti yachitatu idafika mochedwa. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, mfuti za AK-47 zidalowa m'maboma a m'malire, ndipo zina zidagwera m'manja mwa mbava. Mfutiyi, yochokera ku Soviet Union, imatchedwa ya mamilimita 7.62. Chodabwitsa n'chakuti chipolopolo chake nachonso n'chonenepa mamilimita 7.9, monga cha .303. Ngakhale zili choncho, mfuti ziwirizi sizingabwerekane zipolopolo, pakuti zikopa zake zosungira wonga n'zosiyana: cha .303 n'chotalika mamilimita 56, pamene cha AK-47 ndi 39 okha.

Tsono dzina la mfuti limatiuza za dziko limene idachokera ndi mwambo wa kayezedwe ka amisiri ake. Wofufuza mbiri, ngakhale wapolisi wofufuza mlandu, akatola chipolopolo pakati pa mitengo ya tiyi, kunenepa kwake kokha sikungamuuze ngati chidachokera m'mfuti ya mtsamunda kapena ya mbava ya dzana. Ayenera kuyezanso kutalika ndi kulemera kwake, ndi kuwerenga timizere timene mpope udasiya pa thupi lake, asanatchule dzina la mfuti.