Tayala losokedwa ndi singano

Aliyense amene anamatitsapo chubu cha njinga pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ntchito yake. Mumatsegula tayala ndi tizitsulo tiwiri, n'kusolola chubu, kuchiviika m'beseni kuti muone pamene pakutuluka thovu, kupalapo, kupaka solushoni, kumata chigamba, basi ulendo upitirire. Tayala limenelo lili ndi waya m'milomo yake iwiri, ndipo wayayo ndi amene amakola mkombero. Koma kwa zaka pafupifupi 100, akatswiri a mipikisano ya njinga ku Ulaya sankalifuna tayala lotere. Lawo linali lina: chubu chimaikidwa m'kati mwa nsalu, nsaluyo n'kusokedwa ndi ulusi kuzungulira konse, kenako chinthu chonsecho n'kumatidwa pamkombero ndi guluu. Angerezi amalitcha tubular, Aamerika amati sew-up chifukwa cha msokowo, pamene Afalansa amangoti boyau, kutanthauza thumbo. Mukaliona lili lophwa, litapachikidwa pamsomali, mungavomereze kuti Afalansa sanalakwitse dzina.

Chiyambi chake chili ku Scotland. Mu 1845 Robert William Thomson analembetsa kuboma luso lake la tayala lopopa mpweya, loti lizigwira ntchito pangolo zokokedwa ndi akavalo. Linali lodula kupanga, ndipo anthu analiiwala. Patapita zaka zoposa 40, dokotala wa ziweto wochokeranso ku Scotland, John Boyd Dunlop, amene ankakhala ku Belfast, anaona mwana wake akuvutika ndi kanjinga ka mawilo atatu ka matayala olimba gwa. Anapanga chubu cha labala, n'kuchikulunga ndi nsalu, n'kuchimatirira kuwilo. Analembetsa lusolo mu 1888, ndipo chaka chotsatira Willie Hume anapambana mipikisano yonse inayi imene analowa pa masewera a Queen's College ku Belfast atakwera matayala opopa. Dunlop anadzauzidwa pambuyo pake kuti Thomson ndiye anali woyamba, komabe anthu anali ataona kale ndi maso awo kuti mpweya umathamanga kuposa labala wolimba.

Vuto linali pa kubooka. Tayala la Dunlop linali lomatidwa ndi kukulungidwa mwakuti kulikonza kunkadya maola. Ku Clermont-Ferrand, m'dziko la France, abale awiri, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala lochotseka mosavuta, ndipo mu 1891 analiyesa pampikisano wa Paris–Brest–Paris, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200. Charles Terront, atakwera matayala awowo, anapambana pa maola 71 ndi mphindi 22, kusiya kutali mnzake Jiel-Laval amene anakwera matayala a Dunlop. M'nyengo yomweyo ku Britain, Charles Welch ndi William Bartlett anatulukira njira zokolera tayala kumkombero popanda guluu. Njinga ya kabaza ya lero ikuyendera nzeru za anthu amenewa.

Munthu angaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Kwa wopita kumunda, kuntchito kapena kumsika inatheradi. Koma othamanga anatenga njira yawoyawo, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Mkombero wopepuka wa masiku amenewo unali wathabwa, wokhala ndi kamgula kosaya, ndipo thabwa silikanapirira kukankha kwa milomo ya tayala lopopedwa kwambiri. Tayala losokedwa limasunga lokha mphamvu ya mpweya wake, mkombero umangolinyamula. Choncho wilo lonse limapepuka. Tayalalo limakhala lobulungira bwino, motero pokhota limagona pamsewu mofanana mbali zonse. Ndipo likabooka pampikisano, simukhala pansi n'kumafufuza bowo ayi. Mumalikanganula lonse, n'kuvekapo lina, kupopa, kunyamuka.

N'chifukwa chake zithunzi zakale za Tour de France, mpikisano umene unayamba mu 1903, zimaonetsa amuna afumbi kumaso atapingasa matayala pamapewa ndi pachifuwa ngati nambala 8. Henri Desgrange, mwini mpikisanowo, ankafuna kuti munthu azidzikonzera yekha njinga yake, ndipo misewu yambiri ya m'mapiri inali yamiyala. Ngakhale Fausto Coppi ndi Gino Bartali, zimphona za ku Italy za m'ma 1940, mumawaona pazithunzi atakoleka tayala pamapewa. Ine zithunzi zimenezi zimandigwira mtima. Munthu akukwera phiri la Galibier, thukuta kamukamu, atasenza chimene chingamupulumutse tsoka likamupeza yekha kuseri kwa phiri.

Mu 1934 kampani ya Mavic inapatsa Antonin Magne mikombero ya aluminiyamu, yopakidwa utoto kuti izioneka ngati thabwa, popeza malamulo sankaloleza. Magne anapambana Tour de France ya chaka chimenecho. Thabwa linayamba kutha, koma tayala losokedwa linatsalabe, ndipo kulipanga kunasanduka luso la manja lopatsa ulemu. Nsalu yake inali ya thonje labwino, ndipo ya masiku aakulu inali ya silika. Ulusi ukakhala wopyapyala ndi wothithikana, tayala limafewa, limameza timiyala m'malo modumpha, ndipo liwiro silitayika. Mayina ngati Clément, Wolber, Dugast, Continental ndi Vittoria, imene inayamba mu 1953, ankatchulidwa ndi othamanga monga mmene alimi amatchulira mbewu zodalirika. Amakaniko a matimu ankasunga matayala atsopano m'zipinda zamdima, zozizira, kwa miyezi kapena zaka, pokhulupirira kuti labala akakhwima sabooka msanga. Chubu chake nthawi zambiri chinali cha latex, chimene chimataya mpweya usiku umodzi wokha, choncho m'mawa uliwonse pampu inkalira pabwalo la hotela.

Ntchito yeniyeni inali pa guluu, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Tayala latsopano mumayamba mwalikoka n'kuliveka pamkombero wouma kuti litanuke pang'ono, tsiku limodzi kapena kuposa. Kenako mumapaka guluu wochepa pamkombero, mumudikire aume, mupakenso. Mumapakanso pakansalu kophimba msoko kunsi kwa tayala. Pomaliza mumapaka wina, n'kuveka tayala guluu akadali wonyowa, kuyambira pa vavu, mukukoka ndi manja onse awiri, kenako kuliwongola kuti lisakhale chopendekera, kulipopa, n'kulisiya ligone mpaka mawa. Zala zimada, zovala zimaonongeka. Likabooka n'kufuna kulikonza, mumasenda kansalu kaja, kudula msoko pang'ono, kutulutsa kachigawo ka chubu, kumata, kusokanso ndi singano ndi ulusi wolimba, n'kumatanso kansaluko. Katswiri wolipidwa sankachita zonsezi. Ankangokweza dzanja, galimoto ya timu n'kufika ndi wilo lina. Kuyambira 1973, pampikisano wa Paris–Nice, galimoto za Mavic zinayambanso kupereka mawilo kwa aliyense posatengera timu yake.

Masiku awiri akuonetsa bwino ubwino ndi kuopsa kwa tayalali. Mu 1995 ku Duitama, m'dziko la Colombia, Abraham Olano wa ku Spain anali yekha patsogolo pampikisano wa dziko lonse lapansi pamene tayala lake lakumbuyo linaphwa, kutatsala pafupifupi kilomita imodzi. Sanaime. Popeza tayala linali lomatidwa, silinavuke, ndipo iye anapalasa chomwecho mpaka pamzere, Miguel Indurain ndi Marco Pantani akubwera m'mbuyo. Ubwino umenewu ndi umene othamanga ankaukonda koposa: kuphulika kwa tayala potsetsereka sikukusiya pachitsulo chokhachokha. Tsiku lina ndi 14 July 2003, pa Tour de France, potsikira ku Gap. Dzuwa linali litasungunula phula. Joseba Beloki anagwira mabuleki, wilo lakumbuyo linaterereka, tayala n'kuvuka pamkombero, iye n'kugwa mwamphamvu. Anathyoka fupa la ntchafu, chigongono ndi dzanja, ndipo sanabwererenso pamlingo wake wakale. Mabuleki akale ankagwira pamkombero, mkombero n'kutentha, ndipo guluu akatentha amafewa. Makaniko aliyense ankagona ndi nkhawa imeneyi.

Nanga wophunzira, kapena wokonzekera mpikisano amene alibe galimoto yomutsatira? Kwa nthawi yaitali analibe kuchitira mwina. Ankagula matayala osokedwa otchipa, olemera, n'kupinda lina lakale lopakidwa kale guluu, kulimangirira kunsi kwa chishalo ndi kalamba. Akaboola kawiri tsiku limodzi, ankabwerera wapansi. Zinthu zinasintha cha mu 1975, pamene Michelin inatulutsa tayala lopyapyala la Elan, lokola m'milomo, ndipo Mavic inapanga mkombero wa Module E wogwirizana nalo. Kuyambira pamenepo ambiri anakhala ndi mawilo a mitundu iwiri: okola a masiku onse, osokedwa a Lamlungu. Ndikuona kuti kugawa kumeneku kunali kwanzeru, ndipo mpaka lero amene angandifunse ndingamuuze chimodzimodzi. Tayala losokedwa lotchipa lilibe kufewa kwa silika kuja, koma chintchito cha guluu limabwera nacho chonse. Kuyeserera nalo tsiku ndi tsiku n'kudzisenzetsa mtolo wa makaniko popanda phindu la katswiri.

Kugwa kwa ufumu wake kunabwera pang'onopang'ono, kenako mwadzidzidzi. Makina oyeza anaonetsa kuti tayala lokola labwino, la chubu cha latex, limatha kugudubuzika mopepuka kuposa losokedwa. Tony Martin anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wothamanga payekhapayekha ku Copenhagen mu 2011 ndi matayala okola. Julian Alaphilippe anachita chimodzimodzi pa gawo lachiwiri la Tour de France ya 2020 ku Nice. Panabweranso matayala opanda chubu, othiridwa madzi omata amene amatseka okha timabowo. Alexander Kristoff anapambana nawo Gent–Wevelgem mu 2019, ndipo Sonny Colbrelli anapambana nawo Paris–Roubaix ya matope ya 2021, pamiyala yomwe anthu ankati ndi kwawo kwa tayala losokedwa. Mabuleki a disiki anachotsa nkhawa ya kutentha kwa mkombero, matayala anakula kuchoka pa mamilimita 23 kufika 28 kapena 30, ndipo matimu aakulu ambiri anasiya zitini za guluu.

Komabe silinafe. M'mabwalo a njinga a matabwa, kumene amapopa mpweya wochuluka zedi, likadali moyo. M'mipikisano ya cyclo-cross ya ku Belgium ndi Netherlands, m'nyengo yozizira, kumene amapalasa m'matope ndi mumchenga tayala lili lofewa ngati buledi, guluu ndiye amaligwira kuti lisavuke pokhota, ndipo akatswiri ambiri akulidalirabe. Ku Brittany, kampani yaing'ono ya FMB ikusokabe matayala a thonje ndi silika limodzilimodzi, ndipo wogula amayamba waliveka pamkombero wouma, n'kudikira mawa lisanaone guluu.