Kanema Amene Anafafanizidwa

Pa 23 November 1963 anthu a ku Britain anayamba kuonera Doctor Who, nthano ya nkhalamba youluka m'bokosi kunka ku nyenyezi ndi ku zaka zamakedzana. Loweruka madzulo ana anali kuonera pamodzi ndi makolo ao, ena atabisala kuseri kwa mpando poopa zilombo zotchedwa Dalek.

Tsono kunadza kanema woonetsa mitundu, ndiponso matepi anali okwera mtengo. A BBC anafafaniza akalewo najambulapo zina, monga mlimi wokazinga mbeu yobzala. M'chaka cha 2013 zigawo 9 zinapezeka ku Jos m'dziko la Nigeria, kumene zinatumizidwa kalekale. Zigawo zoposa 90 sizinaonekebe, ndipo ana aja, amene tsopano ali ndi imvi, akali kufunafuna.