Gofu m'chigwa cha Shire: komwe adachokera ndi komwe akulowera

Kwa munthu wa kwa Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, bwalo la gofu lodziwika lomwe lili pafupi ndi la ku Nchalo m'boma la Chikwawa, pa esiteti ya nzimbe ya kampani ya Illovo. Mbiri ya masewerawa m'chigwachi ndi yolukana ndi mbiri ya shuga.

Chiyambi

Gofu adafika m'Malawi ndi atsamunda, ndipo adakhazikika m'makalabu a azungu monga Blantyre Sports Club, Limbe Country Club ndi Zomba Gymkhana Club, komanso m'madera olima tiyi ku Thyolo ndi Mulanje. Kuchigwa adafika mochedwerako, potsatira kampani ya Lonrho yomwe idakhazikitsa Sucoma ku Nchalo mu 1965 n'kuyamba kupanga shuga mu 1966. Kalabu ya pa esiteti idali malo opumulira mabwana ndi ogwira ntchito za m'maofesi. Illovo idagula minda ya shuga ya Lonrho mu 1997, ndipo bwalo lina lotere lili ku Kasasa, pa esiteti ya Dwangwa ku Nkhotakota.

Mpikisano wa mlungu ndi mlungu

Kalabu ya gofu imakhala ndi moyo chifukwa cha osewera omwe amakumana mlungu uliwonse, osati zikho zikuluzikulu za kamodzi pachaka. Mpikisano wathunthu ndi wa maenje 18. Lilongwe Golf Club ili ndi onse 18, koma pamabwalo a maenje 9 osewera amazungulira kawiri. Aliyense amaloledwa ndodo zosaposa 14.

Kawerengedwe kofala m'mipikisano yotere ndi ka Stableford, komwe adayambitsa Frank Stableford ndipo kadagwiritsidwa ntchito ku Wallasey, England, mu 1932. Dzenje lililonse lili ndi mlingo wake wa maulendo omenya mpira, wotchedwa par. Wofikitsa mpira m'dzenje pa mlingowo amapeza mapointi 2, wochepetsa ndi kamodzi amapeza 3, wopitirira ndi kamodzi amapeza 1, ndipo wopitirira apo sapeza kanthu. Motero dzenje limodzi loipa silimuwonongera munthu tsiku lonse.

Palinso handicap, nambala yoonetsa luso la wosewera, yomwe imapatsa wofooka mwayi wopikisana ndi katswiri. Pandondomeko ya dziko lonse yomwe idayamba mu 2020, nambalayi imachokera pa zotsatira 8 zabwino koposa mwa masewero 20 omaliza, ndipo siipitirira 54.

Dzuwa ndi madzi

Gofu wa kuchigwa amalimbana ndi nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupyola madigiri 40, ndipo udzu wa pabwalo sungapirire popanda kuthirira. Pa esiteti, ulimi wonse umadalira madzi opopa mumtsinje wa Shire.

Mtsinje womwewo umasandukanso mdani. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 adasakaza Chikwawa ndi Nsanje. Ana adaononga damu la Kapichira, n'kudula msewu wa M1 womwe umalumikiza chigwachi ndi Blantyre. Msewu ukaduka, osewera a kumtunda satsika, a kuchigwa nawo sakwera Thabwa kukapikisana.

Tsogolo

Chotchinga chachikulu ndi mtengo. Ndodo, mipira ndi nsapato zimachokera kunja, ndipo zimakwera mtengo kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuwonjezera apo pali ndalama za umembala.

Komabe luso lilipo pafupi. Anyamata onyamula zikwama za osewera amadziwa mphepo, udzu ndi mtunda wa dzenje lililonse, ndipo m'maiko ambiri akatswiri ena adayambira ntchito yomweyi. Bungwe la Golf Union of Malawi ndilo limayang'anira masewerawa m'dziko muno, ndipo gofu adabwerera m'masewero a Olympics mu 2016, ku Rio de Janeiro, kwa amuna ndi akazi omwe.

Mpikisano wa abambo okhaokha umakalamba limodzi ndi eni ake, makamaka pa esiteti pomwe ogwira ntchito amasamutsidwa kapena kupuma. Kuti upitirire, uyenera kulandira amayi, ana asukulu ndi achinyamata a m'midzi yozungulira, kuyambira ku Nchalo, Ngabu mpaka kwa Mbenje, powabwereka ndodo ndi kuwachepetsera ndalama zolowera.